Kalata ya apongozi ndi mndandanda woduka

Apongozi anga a ku Chipangali sankakhulupirira dalaivala aliyense. Akamatitumizira katundu ku Chipata, thumba ankapatsira wa lole, koma kalata yonena zomwe zili m'thumbamo ankapatsira munthu wina wa njinga. "Mtedza ndowa imodzi, maungu atatu, nkhuku yamoyo. Muwerenge." Ine ndinkaseka, ndinkati nkhalambayi ili ndi nthawi yotaya.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali kutaipa pa kabungwe kena kogawa mbewu kwa alimi. Tinali ndi kompyuta imodzi yomwe tinkaifunditsa nsalu ngati mwana wakhanda. M'menemo ndinkasungamo mindandanda ya olandira mbewu, ndipo anzathu a m'maofesi akutali ankaikoka kudzera pa waya wa foni. Ndinkanyada nayo ntchitoyi, osati pang'ono.

Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, foni inadukiza mndandanda uli pakati pa ulendo. Kompyuta ya ku ofesi yathu ya ku Chipangali sinadandaule. Inalandira chodukacho, anzathu n'kusindikiza, n'kugawa mbewu ya mtedza. Midzi ya kumapeto kwa mndandanda sinalandire kanthu, ndipo mudzi wotsiriza unali wa apongozi.

Patapita sabata wa njinga uja anafika ndi kalata, koma wa lole sanabwere. Kalatayo inati: "Chaka chino ndatumiza kalata yokha. Muwerenge." Ndinachita manyazi. Mudzi wonse unkadziwa kuti wotaipa maina ndi mkazi wa mwana wawo.

M'mawa mwake ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene ankatikonzera kompyuta, munthu wosakonda kuyankhula. Ndinaika kalata ija patebulo pake.

"Bambo, makina anuwa akuposedwa nzeru ndi apongozi anga. Iwo satumiza thumba lopanda kalata. Bwanji mndandanda umayenda wokha?"

Anawerenga kawiri, akuseka chamumtima. "Mayi, amenewa tikanawalemba ntchito."

Anakhala masiku atatu akugogoda pa kompyuta, ine ndikuwapangira tiyi. Zomwe anakonza zinali izi: kompyuta yathu inkasandutsa chilembo chilichonse cha mu mndandanda kukhala nambala, n'kuphatikiza zonse, n'kutulutsa kanambala kamodzi. Kanambalako kankatsogola. Mndandanda ukafika, kompyuta yolandira inkawerengetsa yokha. Manambala akasiyana, inkakana n'kuitanitsanso. Poyesa, ine ndinazula waya wa foni dala uli pakati, ndipo ya uko inakanadi. Ndinavina mu ofesi, abwana akuyang'ana.

Mbewu yotsala ndinakaperekeza ndekha pa lole, matope ali thoo. Apongozi anandilandira bwino, koma za mndandanda sanatchule. Anangofunsa ngati mvula ikugwa kutauni. Tinabzala mochedwa, ine ndili nawo m'munda masiku awiri, msana ukundikumbutsa kuti ndine wa pampando. Pobwerera mtima sunakhazikike, chifukwa sindinadziwe ngati andikhululukira. Miyezi inadutsa popanda wa njinga kapena wa lole.

Nthawi yokolola itakwana, wa lole anatsitsa thumba pakhomo. Madzulo ake wa njinga anabweretsa kalata: "Mtedza ndowa imodzi, maungu atatu. Nkhuku ndi ya mpongozi wanga yekha, asagawireko mwamuna wake. Muwerenge."

Ndinakhala pansi pakhonde n'kuwerenga chimodzichimodzi, misozi ikulengeza. Zonse zinakwana.