Makutu a Bertalan

Aliyense wokumana ndi a Bertalan Csordas koyamba amayang'ana makutu, kenako n'kuchita manyazi n'kuyang'ana nsapato. Makutuwo ndi aatali, ofiira, olendewera ngati masamba a kabichi wa dzana. Akazi awo, a Etelka, amati iwo anakwatiwa ndi munthu wa makutu wamba, awawa bambowo anakawatenga ku ntchito. Ndipo mayiwa sanama.

Ali mnyamata, a Bertalan ankakonza njinga mumzinda uno wa Szeged. Pambuyo pake anaphunzira za zitsulo zothandizira odwala, n'kulowa ntchito pachipatala cha ana. Mwana akathyoka fupa la pamwamba pa khosi, pamene mutu umakhalira, madokotala amamuveka mkombero wachitsulo kumutu, womangidwa ndi timabawuti tofika pachigaza, ndipo ndodo zinayi zimatsikira pa jekete yolimba ya pachifuwa. Mutu sugwedera mpaka miyezi itatu. A Bertalan ndiwo ankayeza jeketeyo, kuyala chikopa cha nkhosa m'kati, ndi kuyendera mabawuti ndi kasipanala kamene ankakasamala kuposa mphete yaukwati.

"Mwana ndi njinga n'chimodzimodzi," ankatero. "Ukamangitsa amalira, ukalekerera amagwedera. Kungoti njinga ilibe agogo."

Agogo ndiwo anali mliri pa wodi ija. Kwathu kuno munthu akakwanitsa chaka, achibale amamukoka khutu, kamodzi pa chaka chilichonse, kwinaku akumufunira moyo wautali mpaka makutu adzafike m'akakolo. Palibe amene anawaonapo atafikamo, koma tayesani kuuza nkhalamba kuti chaka chino tisiye.

Zinayamba ndi Hanga, mtsikana amene anagwa mumtengo wa matcheri. Anali m'sabata yachisanu ndi chinayi ali m'chitsulo pamene Dokotala Somogyi, mayi wosadziwa kuzungulira nkhani, anaonetsa a Bertalan chithunzi cha fupalo. Linali litangoyamba kumene kugwirana.

"Likangosuntha apa tibwerera ku opaleshoni," anatero adokotala, "ndipo za miyendo sindilonjeza kanthu."

Loweruka lake Hanga anakwanitsa zaka khumi ndi zinayi. Anatulukira agogo ake aamuna, a Vilmos, opha nkhumba kumudzi kwawo, manja ngati mafosholo. Kumbuyo kwawo kunali azakhali awiri, amalume awiri ndi mayi wina woyandikana nawo amene anangotsatira keke. A Vilmos akakoka khutu, mwana ankachita kuimira pa zala. Adokotala anali atapita kwawo, anamwino ali kuchipinda china, ndipo a Bertalan anapeza nkhalambayo ikupinda kale manja a malaya.

"Bambo, pepani, khutu limenelo lero silikokedwa."

"Ndiwe yani iwe?"

"Ndine wa mabawuti."

"Ndiye khala ku mabawuti akowo, mphwanga. Khutu lili ndi bawuti?"

"Khutu lili pamutu, mutu uli pakhosi, ndipo khosilo ndi lija munaliona pansi pa mtengo."

"Taimva nzeru za m'tauni! Mkulu wanga anadumphitsa chaka chimodzi chokha osakokedwa. Ali kuti lero? Kumanda!"

"Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, bambo," anatero mmodzi wa azakhali aja.

"Ndiye? Akanafika zana!"

Onse anaseka kupatula Hanga. Iye sakanatha kucheuka kapena kuthawa. Anangoyendetsa maso kutsatira dzanja lija likulowa pakati pa ndodo. Ankawakonda agogo akewo, ndipo ankaopa kuwakhumudwitsa monga mmene ankaopera kupuwala. A Bertalan zinawagwira mtima. Kukangana ndi a Vilmos kunali kutaya malovu, kulimbana nawo n'kosatheka, munthu wogwetsa nkhumba yekha. Basi anagwada pambali pa bedi, n'kupereka mutu.

"Kokani langali. Khosi lake ndikumusungira ndine, makutunso ndimusungira. Akachira adzatenga."

A Vilmos anaima kaye. Analigwira khutulo, kulipinda, kuliyang'ana pa kuwala monga amachitira pogula mwana wa nkhumba.

"N'lowonda," anatero, "koma lichita."

Anakoka kakhumi ndi kanayi, akufuula madalitso kwa mdzukulu. Anabwera azakhali, kenako amalume. Mayi wa keke uja anati sangakwere sitima ulendo wonsewo n'kubwerera manja lende, nayenso anakoka. Hanga anaseka mpaka misozi, mutu uli chilili m'chitsulo chake. A Bertalan anafika kunyumba makutu akuyaka moto, soseji yopatsidwa ndi a Vilmos ili m'khwapa, ndipo a Etelka anawafunsa kuti amenyana ndi ndani. Patatha masabata atatu fupa linagwirana, chitsulo chinachoka, mtsikana anapita kwawo.

Nkhani yabwino sigona. Kuyambira pamenepo, mwana aliyense wa m'chitsulo akamakwanitsa chaka, banja linkafika likufunsa kuti, "Bambo a makutu aja ali kuti?" Ena ana awo anali othyoka mwendo chabe, makutu ali bwinobwino, koma ankati a Bertalan ndi okomera kukoka. Zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu zinatha choncho, mpaka chipewa chinaleka kuwakhala bwino. Anapuma ntchito ndi kasipanala kawo m'thumba, chifukwa palibe analimba mtima kuwalanda.

Chaka chatha, akuchokera kumsika ndi thumba la anyezi, inawadutsa njinga ya mayi wina. Mayiyo anacheuka, n'kucheukanso, kenako anamanga mabuleki mpaka tayala kulira.

"Amalume Bertalan! Makutu anga!"

Anali Hanga, tsopano mphunzitsi, mayi wa ana awiri. Anatsika n'kuwayang'ana mbali iyi ndi iyo.

"Mwandisungira bwino, koma m'akakolo sanafikebe. Mukuchita ulesi, amalume!"

A Bertalan sanaseke. Zaka zonsezo ankamudziwa mwanayo ali chowuma, woyendetsa maso okha, ndipo lero anali atacheuka ali panjinga ngati si kanthu. Anaika anyezi pansi.

"Tacheukanso, mwanawe, ndione."

Hanga anacheukira kumanzere, kenako kumanja, pang'onopang'ono, pakati pa msewu, magalimoto akuimba hutala.