Dzungu la pa Denga la Amai Daka

Amene amadutsa kuseli kwa msika wa Petauke amaidziwa nyumba ija ya geti lobiliwila, pomwe masaka aima pamzele ngati ana a sukulu pa asembule. Masakawo ndiwo munda wa bambo Lazaro Sakala. Mukawafunsa kukula kwa munda wawo, amaloza m'mwamba.

A Sakala anabadwila tsidya, ku Mozambique. Anawoloka malile nthawi ya nkhondo ali mnyamata, atasenza mphasa ndi khasu la atate awo. Nkhondo itatha anzawo anabwelela, koma iwo mtima unali utakodwa kale ku mudzi wa Ndake, kwa mtsikana wina woimba bwino. Kumeneko analima thonje ndi chimanga mpaka imvi. Mkazi wawo atamwalila, bondo nalo litayamba mwano, mwana wawo Ana, amene amasoka zovala pa msika, anapita kukawatenga.

"Mukapumule, atate," anatelo Ana.

Kupumulako kunawadwalitsa kuposa bondo. Bwalo la nyumba ya lendi linali la simenti, laling'ono moti tambala atatambasula mapiko akhoza kugunda zipupa zonse. Chomwe chinawapweteka kwambili n'kuona Ana akubwela ndi kampukutu ka lepu kogula.

"Ine ndili moyo, manja awili, iwe kugula masamba? Mvula ikangoyamba ndikwela basi yobwelela ku Ndake."

Ana sanaseke. Ankadziwa kuti ku Ndake kulibe wowaphikila, kulibenso wowapelekeza ku chipatala bondo likatupa. Choncho tsiku lina anabwela ndi masaka akale a feteleza, nanena kuti m'tauni anthu amabzala m'menemo.

"Saka ndi la zokolola, mwana wanga. Dziko lino latembenuka."

Ananyoza, koma m'mawa mwake Ana anawaona akukankha wilibala. Monga mlimi aliyense wa kwawo, anadziwa kuti chonde chili pa chulu, ndiye anadzaza masaka ndi dothi la pa chulu lokhalokha, nalithilila bwino. Dzuwa la Petauke linachita zake. Dothi linauma gwa, ndipo amai a pa mpopi anafalitsa kuti atate ake a Ana atsegula kampani ya njelwa. A Sakala anaphwanya njelwazo mwakachetechete, nasakaniza ndi mchenga, manyowa a mbuzi ndi makoko a nshawa, naboola masaka m'mbali kuti madzi azituluka. Ulendo uno lepu anamela, anyezi anaimilila, matimati anafuna mitengo yotsamila. Za basi zinaiwalika.

Koma dzanja lozolowela munda silimva za tauni. Munthu wa ku Ndake sangakwilile phando osaponyamo nthanga ya dzungu. A Sakala amati sakumbuka kuti anaiponya liti. Dzungulo linatuluka m'saka, linagwila waya woyanikapo zovala, linakwela chipupa, n'kukagona pa denga la nyumba yoyandikana nayo. Mwini wake wa dengalo anali amai Keziah Daka, alandilodi, mtsogoleli wa kwaya, amene akanong'ona amamveka ku siteshoni.

"Bambo Sakala!" anaitana ali pa geti. "Ine ndinakupatsani nyumba, osati famu! Malata anga achite dzimbili chifukwa cha chibwabwa cha dzungu lanuli? Mawa mundibweletsela ng'ombe! Mwezi uno usanathe, masaka onsewa atuluke."

"Tamva, amai."

Tsiku lomwelo Ana anaona atate ake akupinda bulangete n'kuliika m'chikwama. Anawapempha kuti asapite, analonjeza kukachondelela alandilodi, koma iwo anangoyang'ana kudenga kuja. Pamenepo panali dzungu limodzi, lalikulu ngati mutu wa munthu wouma mutu, litakhwima bwino.

"Tenga chitenje, uime apo," anatelo a Sakala.

Anamanga chikwakwa ku nsungwi yaitali, nakokela phesi. Dzungu linagubuduka pa malata ngati bingu, Ana n'kulilandila m'chitenje, naye n'kukhala pansi mosafuna. A Sakala analipukuta, navala jekete la ku tchalitchi, nalinyamula kupita kwa amai Daka.

Anawapeza pakhonde ndi amai a kwaya, akuphunzila nyimbo. Nyimbo inaduka pakati. A Sakala, ndi bondo lawo lija, anagwada pang'onopang'ono mpaka pansi, naika dzungu patsogolo pa alandilodi, naomba m'manja.

"Amai, ife titafika m'dziko lino tinalibe ngakhale pobzala tsabola. Munthu wina anabweleka atate anga kamunda. Kuyambila pamenepo, pa banja pathu chipatso choyamba sitidya ife, amadya mwini nthaka. Ili labelekela pa malo anu. Landilani, kuti ndichotse masaka ndilibe mlandu."

Amai Daka anayang'ana dzungulo, nayang'ana anzawo a kwaya. Kukana mphatso ya munthu wamkulu wogwada, pamaso pa anzawo onsewo? Kulandila nakonso ndiye kuvomela kuti pali munda, ndipo mwini nthaka ndi iwo.

"Keziah, landila, bondo la bambowa lingathyoke," anatelo amai Jennipher, oimba besi. "Ukakana, ine kwanga denga lilipo."

"Denga lako lodontha lija? Khala chete iwe!" Amai Daka anakumbatila dzungu, nalig'og'oda ndi chala, nalimva kulila bwino. "Imililani, bambo Sakala, mwandichititsa manyazi. Masakawo akhale. Koma mbewu yanu yosamva malamuloyi muziiuza kumene ikupita."

"Siimva Chinyanja, amai."

"Ndiye muilankhule Chipwitikizi!"

Madzulo ake Ana anatulutsa bulangete m'chikwama, atate ake n'kunamizila kuti sakuona.

Lelo masaka a a Sakala afika mpaka kuseli kwa thanki ya alandilodi, ndipo Ana ndiye amagawila anzake lepu ku msika. Alendo akabwela kwa amai Daka, asanapatsidwe ndi mpando womwe, amayamba atengedwa kukaona matimati.

"Uwu ndi munda wathu," amatelo amai Daka, manja m'chiuno.

A Sakala, ali chiwelamile pa saka, satsutsa.