Kiyi wa Seva Ali Kumaliro

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze ndi satifiketi ayi. Azakhali ankaimba kwaya limodzi ndi akazi awo a bambo Kamwendo, ndipo ataona kuti kosi ya makompyuta ndamaliza koma ndikungowothera dzuwa ku Chinsapo, anakandipemphera malo. Bambowo anali ndi kaofesi kuseri kwa shopu ku Kawale, kopangira mawebusayiti a mabizinesi ang'onoang'ono. Antchito tinalipo awiri, iwo ndi ine.

Mawebusayiti onse ankakhala pa seva, kompyuta ya lendi imene inali kunja kwa dziko. Ine ndinkakonza mafayilo, bwana n'kuwatumiza okha pa laputopu yawo, chifukwa akaunti ya root, ija yotsegula chilichonse pa seva, sankalola munthu kuikhudza.

Tsiku lina mayi awo anamwalira ku Ntcheu. Bwana ananyamuka m'mamawa, laputopu ili m'chikwama, n'kunditumizira pasiwedi ya root ali m'basi. Ndinamva chisoni, koma kunena zoona kamtima kanadumphanso kuti lero bwana ndine.

Masana kunabwera mayi Nabanda, telala wa ku Biwi. Mwini shopu wina wakunja anali atawalonjeza kuti madzulo alowa pa webusayiti yawo kukasankha madiresi, ndipo akapeza tsamba la maoda silikugwira, apita kwa telala wina. Tsambalo linali lokonzeka pa kompyuta yanga, kungotsala kulikweza.

Ndinalemba lamulo la scp lokopera mafayilo, ndi dzina la root. Seva inayankha kuti "Permission denied", kundikaniza kulowa, osandifunsa n'komwe pasiwedi ija. Ndinabwereza kambirimbiri ngati kuti isintha maganizo. Nditalemba ssh -v kuti ndione pamene zikukanikira, vuto linaonekera poyera. Seva inkafuna kiyi wa SSH basi, kafayilo kachinsinsi kamene kanali mu laputopu ya bwana. Khomo lolowera ku root ndi pasiwedi bwana anali atalitseka okha kalekale, n'kuiwala.

Ndinalowa ndi akaunti yanga wamba. Fayilo ya sshd_config, yosunga malamulo olowera pa seva, ndinkatha kuiwerenga, mzere wotsekawo ndikuuona ndi maso angawa, koma kuusintha ayi. Sudo, lamulo lobwerekera mphamvu za root, inandikana. Mafayilo ndinawaika mu foda yanga pa seva pomwepo, koma foda ya webusayiti inali ya root. Ndinayesa kulowera pa tsamba la eni seva, nakonso anatumiza nambala yachinsinsi ku foni ya bwana. 

Njira inatsala imodzi. Ndinatenga foni n'kufotokozera amayiwo kuti bwana akangondiwerengera nambalayo, zatheka.

"Mwananga, ikani foniyo pansi," anatero. "Munthu akuika mayi ake m'manda, inu mumufunse za madiresi anga?"

Ndinachonderera kuti ndi meseji chabe. Anakana. Tinatumiza zithunzi zingapo za madiresi pa WhatsApp, wakunja uja anangothokoza, osayankhanso. Amayiwo anamanga chitenje, n'kundipepesa ineyo kuti andivutitsa, ulendo wokakwera minibasi. Ndinatsala ndikuyang'ana mafayilo awo pa sikirini, misozi ili chapafupi.

Bwana atabwerako anakweza tsambalo tisanamalize n'kupatsana moni komwe. Linatuluka lokongola, koma woliona panalibe.

Kuyambira pamenepo, seva iliyonse imene ndapatsidwa ndimayamba ndafunsa kuti kiyi wachiwiri ali ndi ndani, ndipo kiyiyo ndimamuyesa mwiniwake ali pompo. Maliro sapangana tsiku, ndipo sindifunanso kuona kasitomala akutaya oda yake chifukwa choti ali ndi ulemu.