Kasitima kanu kayendanso, Adada

Adada, dzulo tinagawa katundu wanu kwathu ku Lufita, m'boma la Chitipa, patatha mwezi chikuikireni m'manda. Zovala ndi njinga zinapeza eni ake popanda mkangano. Kenako amalume anatulutsa kasitima kamagetsi kaja munagula pa kaunjika ku Tunduma mutapuma ntchito yokonza mainjini a sitima. Anayala njanji zake patebulo, nalumikiza batire, koma sikanagwedezeke. "Kafa aka," anatero. "Tiwapatse ogula zitsulo." Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono.

Ndinakumbukira masana ena kataima chomwechi, ine nditatenga kale sikuludalaiva kuti ndikatsegule. Munandilanda. "Iwe, dokotala amayamba ndi mpeni? Nunkhiza kaye." Ndinanunkhiza, ndipo panalibe fungo la kupsa. "Ndiye kuti injini ili moyo," munatero. "Magetsi amayenda m'njanji n'kulowa m'mawilo. Fumbi la Chitipa likakhala pakati, basi, kagona." Munapukuta njanjizo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, uku mukung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Dzulo ndinachita zomwezo. Ndinanunkhiza, abale akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndinapukuta njanji, kenako mawilo limodzilimodzi. Kasitimako kanadzidzimuka, kanaima, kenako kanayamba kuzungulira tebulo ndi kaphokoso kake kaja. "Kanyamule, mwana wanga," anatero amalume. "Katunduyu ndi wako." Ndikulemba izi ndili m'basi, katoni yake ili pamiyendo panga. Usani mumtendere, Adada.