Makutu a apongozi anga

Dzina la apongozi anga aamuna sindingalilembe. Kuno ku Mokhotlong mtengwa salitchula, ndipo sacheza nawo maso ndi maso. Ndingoti Ntate, kutanthauza bambo m'chiyankhulo cha kuno.

Ntate anakulira kubusa m'mapiri, ndipo atakula anayamba kuperekeza alendo odzaona mbalame. Alendowo amafuna makamaka katsase ka m'mapiri, kambalame kotuwa ka mu udzu. Vuto n'lakuti kali ndi kanzake kofanana nako ngati mapasa. Kusiyana kwake n'kulira basi: kanzakeko kamalira mofulumira ndi mawu aang'ono, ka m'mapiri kamakoka, mawu ake ndi okulirapo.

Chaka chatha makutu a Ntate anayamba kutseka.

"Bambo inu, tambala walira pakhomo pomwepa, inu n'kumafunsa ngati kwacha," anatero apongozi aakazi. "Ndiye katsase mukakamva?"

"Tambala wanuyo ndi wamanyazi ngati mtengwa wanuyu."

"Sekani! Mukakalozera alendo mbalame yolakwika, sadzabweranso. Mudzatsala woperekeza nkhosa."

Ntate sanaseke. M'mawa ankakhala pamwala atafunda bulangete, n'kumaona timbalameto tikukwera m'mwamba, milomo yasamu, iwo osamva kanthu.

Ine ndinkatola ndowe zouma chapafupi, mwana wanga Nthati ali kumsana. Dzanja langa pomugundagunda kuti agone linkatsata mbalame: kakalira kofulumira, nalonso lifulumira, kakalira kokoka, nalo pang'onopang'ono. Ine sindinkadziwa n'komwe. Ntate ndiwo anaona.

"Tawafunsani amake Nthati, dzanja lija limatsata chiyani?" anauza akazi awo.

"Afunseni nokha, si awo ali apowo?"

"Mayi inu, mwambo!"

"Mwambowo ndiye ukakumverani mbalame?"

Ndinayankha nditayang'ana pansi kuti mwina limatsata kulira kwa mbalame, mawu anga n'kudzera mwa apongozi aakazi.

Alendo atabwera m'dzinja, ndinatsatira patali ngati wotola ndowe, Nthati ali kumsana. Kambalame koyamba kanalira. Ndinagunda mofulumira, Ntate n'kupukusa mutu: "Si ako, tiyeni." Titakwera pamtunda, kena kanauluka, kakukoka mawu. Ndinagunda pang'onopang'ono.

"Ndi kameneko!" anatero Ntate. Alendo anakajambula, wina mpaka kuvina.

Kufikira lero ine ndi Ntate sitinayankhulanepo. Koma dzulo ndinawamva akuuza akazi awo: "Auzeni makutu angawo afunde bulangete lochindikala. Mawa tikukwera pamwamba penipeni."