Diresi la Merle m'Kabati Yagalasi

Mu tauni ya Wheal Harriet munalibe mkazi amene sanavalepo chosoka cha Glenys Trewartha. Migodi ya mkuwa inatsekedwa iye asanabadwe, kungotsala milu ya miyala ndi machumuni ataliatali omwe nkhunda zinasandutsa kwawo. Anthu amene sanasamuke ankalima tirigu kapena kusenza matumba kudoko, ndipo Lamulungu lililonse ankadzaza tchalitchi cha Metodisiti chimene agogo awo ochokera ku Cornwall anamanga ndi miyala yoyera.

Glenys anali woyamba kubadwa m'banja la a Penna. Kenako kunabwera Merle, watsitsi lofiirira ndi mawu anthetemya. Alendo akafika pakhomo ankati, "Merle, tatiimbira kamodzi," Glenys n'kutumidwa kukatereka ketulo. M'kwaya Merle ankaima kutsogolo pafupi ndi limba, Glenys kumzere wakumbuyo pakati pa amayi akuluakulu onunkha mankhwala a chifuwa. Sanadandaule poyera. Anaphunzira makina osokera a mayi ake, ndipo pamenepo mng'ono wakeyo sanayerekeze n'komwe kupikisana naye.

Atakula, Keith Nankervis, mnyamata wokonza magalimoto, anayamba kumuperekeza pochokera kumapemphero amadzulo. Nyengo yonse yozizira ankayenda awiri, Keith akumufunditsa jekete lake lonunkha girisi. Ndiye panafika chikondwerero cha Sande sukulu, Merle naimba yekha nyimbo yotsekera. Glenys, ali kumzere wake wakumbuyo, anaona nkhope ya Keith m'gulu la anthu, kukamwa kuli yasa. Lamulungu lotsatira Keith anaperekeza onse awiri, iye ali pakati. Pasanapite nthawi Glenys ankayenda m'mbuyo atanyamula mabuku a nyimbo.

"Wasokera anthu a tauni yonse, ulephere mng'ono wako?" anatero mayi ake ukwati utalengezedwa. "Anthu aziti chiyani?"

Anasoka. Silika anachokera kumzinda wa Adelaide pasitima. Anaika mikanda pachifuwa, timabatani ting'onoting'ono kumsana konse, ndipo msoko uliwonse umene sunamukhalire bwino ankauphwasula. Sanafune kuti wina adzanene kuti nsanje inamunjenjemeretsa dzanja. Chinatuluka chovala chimene sanasokenso chofanana nacho moyo wake wonse.

Ukwati wa Glenys unachitika bambo awo atangomwalira, m'kachipinda ka abusa, popanda limba, atavala suti yotuwa. Harold Trewartha anali wosenza matumba kudoko, munthu wosayankhulayankhula amene ankabwera kunyumba msana uli mbuu ndi fumbi la tirigu. Anabereka ana atatu. Merle ndi Keith anatsegula galaji, namanga nyumba yakhonde lozungulira, nagula galimoto yobiriwira imene inkadutsa pakhomo pa Glenys ikuliza hutala. Mwana analibe, koma Glenys ankaona galimotoyo basi.

Zaka zinapita, amuna onse awiri anagona kumanda a kuseri kwa tchalitchi, ana a Glenys anabalalikira kumizinda. Opemphera anatsala ochepa moti ankakwana m'mabenchi akutsogolo okha. Pofuna kuti nyumbayo isagwe, komiti ya mpingo inasandutsa holo ya Sande sukulu kukhala nyumba yosungiramo zinthu zakale, nipempha aliyense kuti apereke chimene ali nacho. Merle anapereka diresi laukwati lija. Nyuzipepala ya m'boma inajambula iye ataima pambali pake.

"Achemwali, simukaliona?" anafunsa Merle.

"Ndikaone chiyani? Msoko uliwonse ndikuudziwa."

Ndipo sanapondemo. Ankapemphera m'tchalitchi n'kutulukira khomo la m'mbali kuti asadutse paholopo.

Woonetsa alendo zinthuzo anali a Denis Jelbart, mphunzitsi wopuma pantchito amene mkazi wawo anamwalira. Tsiku lina anabwera kwa Glenys ndi thalauza loti alifupikitse. Kenako jekete loti alisinthe mabatani. Zosoketsa zitatha anapitirizabe kubwera Lachinayi lililonse, kudzamwa tiyi ndi masikono, akufotokoza za migodi ngati anakumbamo okha. Glenys, tsitsi lili mbuu, anayamba kuvula epuloni akamva geti likulira. Sanauze Merle chilichonse.

Chaka chimenecho Merle anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anatuluka m'chipatala ali pachikuku, tsiku lokumbukira kumangidwa kwa tchalitchi lili pafupi.

"Kukubwera basi yodzaza kuchokera ku Adelaide," anatero. "A Jelbart akuti ndikakhale pafupi ndi diresi. Mundikankhe, achemwali."

"Anansi ako ali kuti?"

"Anansi si abale. Kapena mukufuna anthu azinena kuti munandisiya pakhonde ngati thumba la mbatatesi?"

Linali tsiku lotentha, mphepo yakumpoto ikuwomba ngati yochokera mu uvuni, ntchentche zikukakamira m'maso. Glenys anakankha chikukucho kukwera kamtunda ka kutchalitchi, Merle akulondolera ngati woyendetsa ngolo.

"Pang'onopang'ono! Mukufuna kundithyola mbali inayo?"

"Ukanachepetsa makeke, bwenzi tafika kale."

Alendo anali atalowa kale. Ena ankasisita mabenchi a matabwa, ena anakwera kukhonde la m'mwamba kukajambula gome lolalikirira. A Jelbart, atavala jekete la mabatani a Glenys, anatsogolera gulu lonse kuholo. Kumeneko kunali nyali za m'migodi, zipewa zolimba zomatapo kandulo, makapu a tiyi olembedwa dzina la mpingo, ndi Baibulo lalikulu lofunika anthu awiri kulinyamula. Pakati penipeni panali kabati yagalasi.

Glenys anaima. Silika anali atasanduka wachikasu ngati batala, koma palibe mkanda ndi umodzi womwe umene unagwa. Chidole chimene anachiveka chinali chopanda mutu, chiuno chili ngati cha mavu. Mtima wake unagunda ndi kunyada asanaukonzekere. Ndiye anawerenga kakhadi ka m'munsi. Panali dzina la Merle, dzina la Keith, ndi chaka cha ukwati. Basi.

"Amayi ndi abambo," anatero a Jelbart, "lero muli ndi mwayi. Mkwatibwi mwini wake ndi uyu."

Anagwada bondo limodzi pambali pa chikuku, munthu woti amadandaula nyamakazi Lachinayi lililonse, nagwira dzanja la Merle. Alendo anaunjikana. Mayi wina wachipewa chachikulu anakankha Glenys ndi chigongono.

"Pepani mayi, tasunthani pang'ono, mukulowa m'chithunzi. Ndinu nesi wawo?"

"Ndine mkulu wake. Diresilo ndinasoka ndine."

"Zoona? Ha, zabwino." Mayiyo anali atatembenuka kale. "Mayi Nankervis, munkakwanamo m'kachiuno kameneka?"

"Movutikira," anatero Merle akuseka. "Achemwali angawa anandithinitsa dala. Tsiku lonse ndinkapuma ngati nsomba yapamtunda."

"Bodza!" Mawu a Glenys anamveka holo yonse. "Ndinakuyeza bwinobwino. Unanenepa wekha sabata yomaliza ndi zakudya za m'maphwando."

Alendo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachibale. A Jelbart anasekanso.

"Komatu simunamve kanthu," anatero. "Akuluakulu amati mayiwa akaimba, anthu odutsa mumsewu ankaima. Mayi Nankervis, ndime imodzi yokha."

Merle anakana kawiri monga mwa mwambo, kenako anaimba. Mawu anali atachepa, akunjenjemera pokwera, koma anali omwe aja. Holo inangoti zii. Glenys sanayang'ane mng'ono wake. Anayang'ana a Jelbart, ndipo anawapeza akadali chogwada, maso ali pa Merle, kukamwa kuli yasa.

Anachotsa manja pa chikuku. Anadutsa pakati pa alendo, natuluka panja padzuwa, natsika kamtunda kaja osacheuka. Atafika kunyumba anakhala pamakina osokera chipewa chili kumutu, osasoka kanthu.

Dzuwa litapendeka geti linalira. Pawindo anaona a Jelbart akukankha chikuku, thukuta lili kamukamu. Anamusiya Merle pakhomo la kukhitchini, nanyamula chipewa pang'ono popereka moni, n'kuchoka mofulumira ngati munthu wothawa mvula.

"Ndawauza andibweretse kuno," anatero Merle. "Munandisiya ngati galu pamsika."

"Unali ndi okukankha."

"Ndiye vuto ndi limenelo? A Jelbart?" Merle anamuyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kugwira m'chiuno mopwetekamo. "Mayo ine! Achemwali! Pa msinkhu uno?"

"Seka. Unayamba kalekale kunditengera. Ukangoona kuti ndagwira kanthu, dzanja lako lafika."

"Ndikanadziwa bwanji? Mumandiuza chiyani inu? Ndiponso nkhalamba imeneyo ndiichite nayo chiyani? Njira yonse yandifotokozera za mapampu a m'migodi."

"Nanga pakakhadi paja? Dzina langa linakulemera?"

"Analemba ndi a komiti."

"Unawauza ndiwe zolemba."

Merle anapotokola mphete pachala. Atayankhulanso, kuseka kunali kutatha.

"Mukudziwa chifukwa chake diresilo lili m'galasi? Lanu likanakhala loyera, bwenzi mwana wanu Janice atalivala, mwana wake n'kudzalivalanso. Ine ndimupatse ndani? Keith ankagona kugalaji masiku ambiri kuposa kunyumba. Ndinkadutsa pano madzulo, a Harold ali pakhonde akukupukutirani mbale, ana akukwerana pamsana pawo. Hutala ndinkaliza kuti mutuluke mundione, chifukwa ine ndinali nditakuonani kale. Ndiye mundisiyireko kakhadi kamodzi."

Glenys anaimirira n'kutereka ketulo. Mawuwo anamulowa, koma sanakhazikike pamene Merle ankafuna. Chimene chinamuwawa n'chakuti ngakhale pa chisoni, mng'ono wakeyo anali ndi nkhani yokoma kuposa yake, ndipo anaifotokoza bwino.

"Shuga ungati?" anafunsa.

"Ngati simukudziwa."

Lachinayi lotsatira a Jelbart sanabwere. Linzakelo anabwera, koma anakhala m'mphepete mwa mpando, nafunsa kawiri za chiuno cha Merle. Glenys anawapatsa masikono adzana. Komiti itamva za mkangano uja inasintha kakhadi, niwonjezera mzere wa zilembo zing'onozing'ono wonena kuti anasoka ndi mkulu wa mkwatibwi. Glenys anapita yekha m'mawa wina kukauona. Anavala magalasi, nawerama, napeza kuti dzina lake lenileni palibe. Anauza mayi wolondera pakhomo la holoyo kuti chidolecho achiveka mokhota, ndipo sanachoke mpaka anatsegula kabati kuti akonze yekha mapewa.

A Jelbart sanafunsire aliyense. Nyamakazi itakula, mwana wawo anadzawatenga kupita nawo kutali ku Queensland. Anatsanzika Glenys ndi Merle tsiku limodzi, kuyambira kwa Merle chifukwa ndi kumene kunali pafupi ndi msewu waukulu. Glenys anazimva zimenezo kwa wogulitsa nyama.

Merle sanayendenso bwinobwino, ndipo nyumba yakhonde lozungulira ija inagulitsidwa. Anasamukira kwa mkulu wake, m'chipinda chimene munkagona anyamata. Glenys ndiye amamusambitsa, kumupesa tsitsi, ndi kumukankha kupita kutchalitchi Lamulungu lililonse, akukangana njira yonse. Pa Khirisimasi foni inalira, Glenys nayankha manja ali ndi ufa.

"Mayi Trewartha! Khirisimasi yabwino," anatero mawu a a Jelbart, akumveka kutali. "Kuno kukutentha koopsa. Kaya mayi Nankervis ali pafupi?"

Glenys anayang'ana kuchipinda chochezera, kumene Merle anali atatukula kale mutu, maso akuwala.

"Akugona," anatero. "Koma ine ndilipo. Tandiuzani za kumeneko."

"Sindikugona!" anakuwa Merle. "Achemwali, bweretsani foniyo kuno!"

Glenys anatseka chitseko cha kukhitchini ndi phazi, nakoka mpando, nakhala pansi.