Mtolankhani wa pa Mtakataka

Kalata yondiitana kuntchito inafika mu Okutobala, dzuwa la ku Mtakataka likuswa mtengo. Wayilesi ya boma inali itanditenga, koma malo ake anali ku Mzuzu. Mwana wanga Tadala anali ndi zaka zitatu, ndipo ine ndi bambo ake tinali titasiyana. Ndinawerengera amayi kalatayo.

"Mwanayu umusiya kuno," anatero. "Usipa wonse uja ndinkagulitsa uli pasukulu ku Mua, ndinkafuna kuti udzakhale pakhonde pano? Pita."

Ndinapitadi. Za mawu sindinkakayika, chifukwa kutchalitchi ndine ndinkawerenga kuyambira ndili Fomu 2. Chimene sindinaganizire chinali chiyankhulo. Sabata yachitatu yokha anandiika pa pulogalamu ya alimi, ya m'Chitumbuka, ine ndikudziwa moni ndi mitengo ya pamsika basi. Bambo wina anaimba foni kuchokera ku Rumphi, anthu onse akumva, n'kundifunsa ngati ndikuyankhula ndi iwo kapena ndi abale anga a ku Dedza. Ndinaika nyimbo mwachangu, thukuta lili kamukamu m'chisanu cha Mzuzu chija.

Amene anandiwongola ndi Mayi Gondwe, mkonzi wa mapulogalamu, munthu wosaseka wamba. "Kulira ayi," anandiuza. "Loweruka lililonse uzipita kumsika, uzikakhala ndi azimayi ogulitsa nthochi. Pakamwa uzitseka, uzingomvera." Ndinachita zimenezo chaka chathunthu. Kenako anayamba kundituma kutali: kwa alimi a mpunga ku Karonga, kwa a khofi ku Misuku, ku Usisya komwe ndinafika ndili mbuu ndi fumbi. Pofika chaka chachitatu, omvera ankati akaimba foni amafunsa kuti Nyabanda ali kuti lero. Dzina limenelo, lomwe ndi mfunda wanga m'Chitumbuka, anandipatsa okha, ndipo mpaka pano ndimalinyadira.

Kumudzi ankaganiza kuti munthu womveka pa wayilesi amadyera kuhotela. Zoona zake n'zakuti mwezi ukafika pakati ndinkadya nyemba mpaka kuiwala fungo la chambo. Ndikalipira lendi ya kachipinda kanga ku Chibavi, zotsalazo ndinkatumizira amayi pafoni. Achibale ena ankati ndayamba kuumira. Ndinaphunzira kunena kuti ndilibe popanda kupepesa kawiri.

Chowawa chenicheni chinali Lamulungu masana, mvula yowaza ija ikugwa osaleka, anzanga onse ali ndi mabanja awo. Tsiku lina amayi anandiuza pafoni kuti amatsegula wayilesi kuti Tadala azindimva, koma mwanayo wakana. Akuti, "Amenewo si amayi anga. Amayi anga sayankhula choncho." Ndinaseka nawo limodzi, koma nditadula foni ndinakhala pansi nthawi yaitali. Sindinalongedze katundu. Ndinangoyamba kumuimbira Lachitatu ndi Lamulungu mosadumphitsa, ngakhale masiku amene ankangopumira m'foni osanena kanthu. Lero ali Sitandade 5, ndipo akafuna kundiputa amandipatsa moni wa Chitumbuka.

Zitatha zaka zisanu ndi chimodzi ndinapempha kuti andisamutse ndikakhale mtolankhani wa dera lakwathu, ndipo anavomera. Ndinatsika minibasi pa Mtakataka ndi zikwama ziwiri ndi kamakina kojambulira mawu, ndikudziuza kuti ngati ndinatha kumpoto, kuno ndiye kungotola.

Ndinkanama. Kugombe azimayi oyanika nsomba atangoona kamakina kaja anatseka pakamwa. Amake Asiyatu, mnzawo wa amayi wakalekale, anandiuza mosabisa: "Ukanakhala mlendo tikanakuuza zonse, chifukwa mlendo amapita. Koma iwe ndiwe mwana wa aNaphiri. Mawa tikumana pamjigo."

Nkhani imene ndinkatsata inali ya masikito a udzudzu amene asodzi ena ankakokera tinsomba tosakhwima. Posakhalitsa ndinapeza kuti mmodzi mwa asodziwo ndi achimwene anga enieni, a Yohane. Anabwera kunyumba m'mawa, osakhala ndi pampando pomwe.

"Iwe Felesiya, ukufuna ana anga azidya wayilesi?"

"Achimwene, dzina lanu sinditchula," ndinayankha. "Koma nkhaniyi ituluka. Kuli bwino munene mbali yanu nokha kusiyana n'kuti ena akunenereni."

Apo anakhala pansi. Anafotokoza mmene ukonde weniweni wakwerera mtengo, mmene nsomba zathawira kutali kumene bwato lawo silifika, ndiponso kuti akudziwa bwino lomwe kuti akupha nsomba za mawa. Ndinaulutsa zonse, zowateteza ndi zowatsutsa zomwe. Dzina sindinatchule, koma mudzi wonse unawazindikira mawu. Miyezi iwiri sanandiyankhule, ndipo alamu anga ankati akandiona pamsewu amakhotera kwina.

Kumpoto ndikatseka maikolofoni nkhani inkathera pomwepo. Omvera anga anali mawu a pafoni, anthu amene sindinkawaona m'maso. Kuno aliyense amene ndamunena ndimagwada naye benchi limodzi, ndimatunga naye madzi, mwana wake amakhala desiki limodzi ndi Tadala. Ndinkayesa kuti kwathu ndi kopumulira, osadziwa kuti ndi kumene ntchitoyi imalemera kwenikweni.

Amayi sanaikire kumbuyo aliyense. Anangoti, "Zoona uzinena. Koma pamaliro uzipezeka, ndipo usamakhale pampando wa alendo."

Patangopita masabata ochepa kunagwa maliro ku Golomoti. Ndinamanga chitenje, kamakina ndinakasiya kunyumba, n'kupita molunjika kuseri kumene azimayi ankaphika. Ndinatunga madzi mpaka msana kuwawa. Achimwene anadutsa atanyamula khasu la kumanda, anaima pang'ono, n'kundipempha madzi akumwa. Ndinawapatsa ndi manja awiri, iwo anamwa n'kupitirira.

Madzulo ake ndikutsuka mbale, amake Asiyatu anadzagwada pambali panga.

"Mawa ubwere kugombe ndi kamakina kako kaja," ananong'ona. "Tili ndi zambiri zoti tinene. Koma uyambe wamaliza mbalezi."